Mazira aawisi salimbitsa mawu a oimba

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za momwe anyamata a m'makwaya athu kuno ku Mangochi akuwonongera mawu awo pofuna kufika pamwamba poimba. Ndaphunzitsa kwaya zaka zambiri, ndipo zikondwerero za makwaya zikayandikira ndimaona anyamata a tenala akumwa mazira aawisi m'mawa, madzulo n'kumakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, tsiku loimba n'kufika mawu atasasa.

Mawu opyapyala apamwamba amene mwamuna amatha kutulutsa, omwe akatswiri a nyimbo amawatchula kuti falsetto, amachokera pa timinofu tiwiri ta m'kholingo. Munthu akamaimba motero timinofuti timatamuka, timapyapyala, ndipo timanjenjemera m'mphepete mokha. Dzira likamezedwa limatsetsereka kummero kupita m'mimba osatikhudza n'komwe, pakuti chakudya chikasochera kholingo munthu amatsamwa.

Chimene chimalimbitsa mawuwa n'kuwayeserera modekha tsiku lililonse, kwa mphindi 10 kapena 15 zokha. Ine ndimayambitsa anyamata ndi kunjenjemeretsa milomo monga achitira mwana poyendetsa galimoto ya mawaya, uku akukweza mawu kuchokera pansi mpaka pamwamba ndi kutsikanso osadukiza. Akatero amaimba "uu" motsitsa ngati njiwa, kuyambira pamwamba kumatsika, chifukwa mawu opyapyalawa amapezeka msanga ukawayambira kumwamba kusiyana ndi kuwakankha kuchokera pachifuwa.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya bango, ndipo mabango sasowa m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe. Woimba atenge kabango koyera kabowo, aviike nsonga yake masentimita 2 kapena 3 m'kapu ya madzi, ndipo aimbire m'menemo madzi n'kumachita thovu mosalekeza. Mpweya umene umabwerera m'mbuyo umathandiza timinofu tija kukumana bwino popanda kufinya khosi. Akazolowera, agwire liwu limodzi, aliyambe motsitsa, alikuze pang'onopang'ono, kenaka alichepetsenso osalidula. Apa m'pamene mphamvu yeniyeni imachokera, ngakhale pamatenga miyezi kuti mawu asiye kutuluka ndi mpweya wambiri.

Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumaumitsa kukhosi, choncho oimba azimwa madzi tsiku lonse, osati pokhapokha akaima kutsogolo. Amene amathandiza makolo kuwamba nsomba apewe utsiwo patsiku loimba. Khosi likayamba kupweteka alekere pomwepo, ndipo mawu akasasa kupitirira masabata atatu apite kuchipatala.

Zimandiwawanso kumva anthu akuseka anyamatawa kuti akuimba mawu achikazi, pamene m'matchalitchi akuluakulu a ku England amuna akhala akuimba alito ndi mawu omwewa kwa zaka mazana angapo. Mnyamata wina wa luso anandithawira kwaya chifukwa cha chitonzo chotere, ndipo mpaka lero malo ake sindinapeze wowatseka.

Mphunzitsi wa kwaya,
Mangochi