Amene akusamalira agogo oiwala nawonso atopa

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za anthu amene palibe amawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ndikunena azimayi amene akusunga makolo odwala matenda oiwala aja achipatala amati dementia. Kuno ku Nkhotakota agogo otere timawakamba pokhapokha akapezeka usiku pakhomo pa eni atasochera, anthu nkuyamba kukuwa kuti mfiti yagwa, chonsecho lamulo la 1911 lija limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma amene amagona nawo nyumba imodzi uja sitimuona.

Achemwali anga ndi amene akusunga mayi athu cha ku Chia. Mayi amadya nsima bwinobwino, kusamba m'manja, pasanathe ndi ola lomwe ayamba kuuza aneba kuti mwana uyu akundimana chakudya, ndipo aneba ena amakhulupiriradi. Usiku achemwali amamangirira nsonga ya chitenje chawo kumkono wa mayi kuti akadzuka amve, poti madzi ali pafupi komanso msewu wa M5 uli pompo. Geni ya usipa anasiya, kumunda wa mpunga sapitako, maliro a pamudzi amangopepesa, BP nayo inakwera ndiye tulo angatione kuti? Chimene chimawaliza kwambiri sikuchapa zofunda m'mawa uliwonse ayi, koma mayi awo owabereka kuwafunsa kuti kodi inu ndinu ndani.

Ndiye abale akutauni amatumiza kangachepe pa Airtel Money nkumati tathandiza, akabwera pa Khrisimasi ayamba kufunsa kuti amayi mwawaondetsa chonchi bwanji. Zimandiwawa kwambiri zimenezi. Ndalama ndi yofunika inde koma munthu amafunanso womulandira kuti apumeko.

A WHO amati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ngati lathu lino ndi amene akutukuka kumene, sizakwa azungu okha ayi. Lamulo la anthu achikulire linadutsa mu 2024, chabwino, koma lifike mpaka kwa owasamalirawo, maanja otere aganiziridwe pa Mtukula Pakhomo ndipo alangizi azaumoyo aziwayendera nkuwauza kuti kukangana ndi wodwalayo sikuthandiza, ndi ubongo umene ukudwala osati mwano.

Amayi a Chigwirizano, a Mothers' Union ndi akumzikiti, pamaliro mumagawana ntchito bwino zedi, chonde gawananinso masiku okakhala ndi agogowa ngakhale masana amodzi pasabata, osamalirayo apiteko kumsika kapena angogona.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota