Lipoti la maphunziro a domain ndi imelo ya gulu lathu

Moni nonse, atcheya, asungichuma ndi amayi onse osoka. Ndabwerako kumaphunziro munandituma aja, ndiye ndati ndilemberetu pagulupu pano zisanandithawe m'mutu, muwerenge mukapeza bandulo, Loweruka tidzangomanga mfundo basi.

Munandituma kuti ndikamve mmene tingapezere imelo ya dzina la gulu, poti makasitomala akunja aja, makamaka ooda zikwama zambiri kamodzi, akumakayika akaona invoice ikuchokera pa Gmail ya munthu mmodzi. Chachikulu chomwe ndatolako n'choti imeloyo si poyambira ayi. Poyambira ndi domain, dzina lija limabwera pambuyo pa kachizindikiro ka @, ndipo lilembedwe m'dzina la gulu, osati la mnyamata wotikonzera webusaiti, osatinso langa kapena la atcheya.

Domain sagula mpaka kalekale, amachita kulipira pachaka, ili ngati benchi ya mumsika, ukasiya kulipira wina amakhalapo. Ukhoza kulipiriratu chaka chimodzi mpaka zaka 10. Pa nkhani imeneyi anaimirira mayi wina wogulitsa uchi, ananyamula botolo m'mwamba n'kutionetsa kapepala komata pabotolopo, pali imelo yake yolembedwa bwinobwino, koma imeloyo inafa kalekale. Mnyamata amene anamuthandiza analembetsa domain m'dzina lake iyeyo, kenako anapita ku Joni, nambala yake inasiya kugwira, makalata okumbutsa kulipira amapita kwa iyeyo, ndiye tsiku lina maoda anangoti zii, mayiyo osadziwa kuti chavuta n'chani, chonsecho timapepala anali atasindikiza tambirimbiri. Ine zinandikhudza kwambiri chifukwa ifenso tikufuna kusokerera dzina lathu mkati mwa chikwama chilichonse.

Aphunzitsi anafotokoza kuti malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amakakamiza ogulitsa ma domain kukumbutsa kutatsala pafupifupi mwezi komanso kutatsala sabata, koma chikumbutsocho chimapita ku imelo yomwe inalembedwa polembetsa. Nthawi ikadutsa amakudikirako pang'ono, kenako pamabwera masiku 30 oti ukhoza kuwombola koma ndi ndalama zambiri kuposa zolipira pachaka, akatha amenewo dzina limapita pamsika aliyense akhoza kutenga.

Tsono pa kusankha pakati pa .com ndi .mw. Ya .com imayendetsedwa ndi kampani ya Verisign ku America koma timagula kudzera kwa ogulitsa ngati Namecheap, GoDaddy kapena Cloudflare, nthawi zambiri madola 10 mpaka 20 pachaka. Apa anatichenjeza kuti tisathamangire mtengo wa chaka choyamba umene amaulemba ndi zilembo zikuluzikulu, tizifufuza wa chaka chachiwiri chifukwa umenewo ndi umene tizilipira mpaka mtsogolo. Ya .mw ndi yathu ya kuno, kwa zaka zambiri yakhala m'manja mwa Malawi SDNP ku Blantyre, ndipo ubwino wake munthu akangoona amadziwa kuti katunduyu ndi wa ku Malawi, zomwe kwa ife osoka zitenje si chinthu chaching'ono. Komabe ine maganizo anga tiyambe ndi .com poti ogula athu ambiri ali kunja ndipo ndi imene zala zawo zinazolowera, ya .mw tidzaonjezere thumba likalola kuti wina asatitengere dzina.

Vuto lenileni ndi kalipiridwe. Makampani akunjawa safuna Mpamba kapena Airtel Money, amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yoti ikhoza kulipira madola, ndipo nonse mukudziwa mmene forex ikuvutira, komanso mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nde ngati khadi yalola ndi bwino kulipiriratu zaka zitatu kaya zisanu kusiyana n'kumapemphera chaka ndi chaka kuti idutse. Alipo ogulitsa akuno olandira makwacha, palibe cholakwika kupita kwa amenewo, bola tigwirizane poyamba kuti mwini wolembedwa ndi gulu, atipatse polowera pathupathu, komanso tikafuna kusamuka adzatipatsa kodi yosamutsira osavuta. Dziwaninso kuti .com yongolembetsa kumene siisamuka mpaka patadutsa masiku 60, choncho tisankhe mofatsa.

Imelo yokha nkhani yake ndi yopepukirapo chifukwa ukhoza kusintha kampani nthawi ina iliyonse adilesi osasintha, bola domain ili m'manja mwako. Google Workspace ndi Microsoft 365 ndi zabwino koma amalipiritsa munthu aliyense mwezi uliwonse m'madola, Google inasiya kupereka yaulere kwa olembetsa atsopano mu 2012. Zoho Mail ili ndi yaulere ya anthu osapitirira asanu, aliyense 5GB, kungoti umawerengera pa app yawo kapena pa webusaiti yawo basi. Kwa ife imeneyi ikukwana, asungichuma musade nkhawa. Ndipo sitikufunika bokosi la aliyense, pali zomwe amati alias, maadilesi angapo ngati ya maoda ndi ya malipiro onse n'kumagwera m'bokosi limodzi popanda kuonjezera ndalama. Imelo yobwera ngati basela ukagula malo a webusaiti ine sindikuikonda, chifukwa mumakhala ambiri pa seva imodzi, wina akamatumiza zachinyengo nonse makalata anu amayamba kugwera mu spam, kabokosi ka makalata okayikitsa, ndipo webusaiti ikagwa imelo imagwa nayo limodzi.

Panali gawo lina lovutirapo la MX, SPF, DKIM ndi DMARC, ndilongosola pang'ono chabe. MX imauza dziko komwe makalata athu azifikira, zitatu zinazo ndi umboni woti kalatayo yachokeradi kwa ife osati kwa wakuba wonamizira dzina lathu. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa, wotumiza aliyense ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, apo ayi kalata ikhoza kubwezedwa kapena kuponyedwa mu spam. Anationetsa pa sikirini mmene ungadziwire, umadzitumizira kalata ku Gmail, kutsegula pa kompyuta, kudina timadontho titatu tija n'kusankha Show original, pamenepo pamaoneka mizere itatu, wa SPF, DKIM ndi DMARC, ndipo uliwonse uzilemba PASS. Aliyense amene tidzamulembe ganyu yotikonzera tisamulipire tisanaone ndi maso athu mawu amenewo.

Zinanso ziwiri zofunika kwambiri. Imelo yolembetsera domain isakhale ya pa domain yomweyo, chifukwa ikafa chikumbutso chifera momwemo, titsegule Gmail ina ya gulu yongosungira zimenezi. Ndipo tikangolembetsa pabwera kalata yoti titsimikize imeloyo, ikakhala masiku 15 osadina amaimitsa domain. Pasiwedi asunge anthu awiri, ndipo kodi yotsimikizira izibwera pa simu ya gulu yomwe ili ndi alembi, osati pa foni ya munthu woti mawa akhoza kusamuka.

Nde Loweruka aliyense abwere ndi mayina awiri amene akuganiza, afupi, osavuta kutchula pa foni, opanda manambala kapena kamzere pakati, tidzawayesa pompo kuona ngati sanatengedwe. Asungichuma chonde mufunse kubanki ngati khadi ya gulu ikuloledwa kulipira kunja komanso malire ake ndi angati pamwezi. Tidzasankhenso anthu awiri osunga pasiwedi aja ndi kulemba tsiku lolipira m'buku la maminitsi. Mapepala omwe anatigawira ndibweretsa, ndipo malisiti a thiransipoti ndipereka kwa asungichuma tsiku lomwelo.