Misewu ya kuno imadwala mu Malichi

Wokondedwa Mavuto,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Minnesota ndadzuka bwino, chisanu chayamba kutisiya.

Unandifunsa chomwe chimakumba misewu ya kuno, chonsecho mvula yake si ngati ya kwathu. Nditangoyamba ntchito yoyeza dothi, ndinkayesa mwezi woopsa ndi Januwale. Ayi ndithu, nthawi imeneyo nthaka imakhala gwa ngati thanthwe, matenda akukulira pansi. Chisanu chimalowa m'nthaka kupitirira mita imodzi, ndipo dothi losalala ngati ufa limakoka madzi apansi monga chingwe cha nyali chikokera palafini. Madziwo amaundana m'magawomagawo n'kutukula phula. Pofika Malichi, ayezi amayamba kusungunuka pamwamba, pansi pakadali poundana, madzi n'kusowa kolowera. Dzulo ndaona lole ikudutsa, phula likubonyoka ngati matilesi, madzi amatope akutumphuka m'ming'alu. N'chifukwa chake boma limachepetsa katundu wa malole kwa milungu ingapo nyengo ino.

Pamene tinalimbitsa dothi chaka chatha, msewu sukugwedera. Makina amagalauza nthaka, kusakaniza ndi simenti, kapena laimu ngati lili dongo, kenaka kuthira madzi ndi kutsendera. Dothi lotere silimwa madzi msanga, ndipo likanyowa silisanduka phala. Komatu simenti ikachuluka, dothilo limakhwinyata pouma, ming'alu n'kukwera mpaka pa phula, madzi n'kupezanso khomo. Laimu naye amafuna nyengo yofunda kuti agwire. Malo ena amene anathira mochedwa, chisanu chili pafupi, dothi likunyenyeka m'manja ngati chigumu. Zinandiwawa, chifukwa ndalama zinapita.

Kuno ali ndi MnROAD, msewu woyeserera pafupi ndi Albertville m'mbali mwa msewu waukulu wa I-94, umene unatsegulidwa mu 1994, ndipo anakwiriramo zida zoyeza chinyezi ndi kuzizira kwa nthaka. Ndikaimapo ndimakumbuka makande a ku Chigwa cha Shire, otupa m'dzinja, ong'aluka m'chilimwe. Kwanuko ayezi kulibe, koma madzi ndi omwewo. Pa ntchito yanu ya msewu ija ulimbikire ngalande, ndipo dothilo liyezedwe musanagule thumba ngakhale limodzi la laimu.

Undilembere mmene mvula yakusiyirani msewuwo. Moni kwa amayi.

Ndine mnzako,
Chikondi