Natsu watiyambanitsanso kuno

Aise Dalitso,

Kalata yako anabwera nayo Mphatso Lachiwiri, pamodzi ndi nsapato zija. Zikundithina chala chachikulu, koma ndizivala choncho. Wati ku Joni kukuzizira. Pepa, unasankha wekha.

Kuno katuni ya ku Japan ija, Fairy Tail, yatisokonezanso mitu. Ukukumbuka tinkaonera pa laputopu ya Yamikani, magetsi akazima tonse maso pa batire? Ndiye wapeza yopitiriza nkhaniyo, 100 Years Quest, ija inatuluka mu 2024, basi mkangano wakale uja wadzuka, woti Natsu, mnyamata wodya moto uja, adzakwatira Lucy kapena Lisanna. Loweruka tinakokanakokana pakhonde mpaka nsima kuzizira, amayi kuchita kutuluka kudzafunsa ngati tikulimbirana munda.

Ine zimandiwawa, aise. Hiro Mashima anayamba nthanoyi mu 2006 n'kuimaliza mu 2017, machaputala 545, koma Natsu osamuuzako Lucy mawu ogwira mtima olo amodzi. Kumapeto kuja Lucy walandira mphoto ya buku lake, waledzera, podzuka m'mawa akupeza Natsu ali m'nyumba mwake mwa nthawi zonse. Mtsikana misozi chuchuchu, akumuthokoza, mpaka kumukumbatira. Tonse tinasiya kupuma. Mwamuna uja n'kumukokera ku ntchito ina. Ku ntchito! Gajeel, yemwe uja anapachika Levy pamtengo, lero Levy ali ndi pakati pake. Natsu akadali kudya moto.

Yamikani wakakamirabe pa Lisanna. Akuti Lisanna ndi Natsu anafungatira limodzi dzira la mphaka uja Happy ali ana, m'kanyumba kawo kaja, ndiye banja linayambira pomwepo. Ndinamufunsa kuti chibwerereni ku dziko lina lija la Edolas Lisanna wachitapo chiyani, anangoyamba kukweza mawu. Chikondi ndiye anatipha ndi phwete. Akuti musamuweruze Natsu, mwana wamasiye, analeredwa ndi chinjoka, kodi Igneel akanamuphunzitsa liti kufunsira? Ankhoswe ake akhala ndani, mphaka? Komatu mphakayo ndi yekhayo amene amanena zoona m'gulu monse muja, amangoti awiriwa akukondana, Lucy n'kumukalipira.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkawerengetsa kuti tinayamba kuonera tili kusekondale, lero ndevu zathu izi, ndipo mwina tidzamera imvi Natsu asanatsegule pakamwa. Ndikafa asananene, udzabwere pamanda udzandiuze.

Ndisanaiwale, chinkhoswe cha achemwali chili mu Okutobala, ndipo agogo anawatulutsa kuchipatala, akuyenda ndi ndodo. Mbuzi ya a Phiri yadyanso mpiru wanga, kachitatu tsopano, eni ake akungoti mbuzi ilibe nzeru. Bandulo nayo ikutha ngati mchere wobwereka.

Thoko analipo Loweruka. Mkangano wonse uja anangokhala chete pampondamatiki, akusenda mbatata. Titatopa, anangoti wopusa ndi Lucy, zaka zonsezi akudikira chiyani. Palibe anaseka. Pondiperekeza kukagula makala anandifunsa ngati walemba. Ndinati eya. Anafunsa ngati mwatchulidwa dzina lake. Ndinati sindinamalize kuwerenga. Wandinamitsa, Dalitso. Masamba awiri onse za kuzizira ndi bwana wako, Thoko osamutchula olo m'mphepete. Tsiku lija padepoti unangomuuza kuti tionana, ndipo chaka chachiwiri chino chikutha. Sindikuti ndiwe Natsu, iye uja bola amapezeka m'nyumba.

Kandulo yatsala kachidutswa ndipo Mphatso akunyamuka mbandakucha. Nsapato ulendo wina utumize 9. Za Thoko ndimafuna ndikuuze kuti mnyamata wa kuchigayo uja wayamba