Tisanatumize asilikali kunja, aphungu afunse mafunso

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mtsutso wakuti asilikali akunja azilowerera m'maiko momwe muli chipwirikiti kapena ayi. Ife a m'chigwa cha Shire nkhaniyi sitiimvera pa wailesi pokha. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, Malawi idasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo misasa ya Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Kunyinda idali konkuno. Mitengo idatha m'mapiri, kolera idavuta m'misasa, sitima yodzera ku Marka kupita ku Beira idaleka kuyenda, ndipo mlatho wa Dona Ana udawonongedwa. Zida za Renamo zinkachokera ku Rhodesia, kenaka ku boma la tsankho la South Africa. Nkhondoyo idatha ndi zokambirana ku Rome mu 1992, koma mfuti zake zidawoloka malire n'kumabera anthu ng'ombe m'makola.

Sindikuti asilikali akunja alibe phindu. Ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, asilikali a Rwanda adafika mu Julaye 2021, ndipo pofika Ogasiti adali atalanda Mocímboa da Praia, tauni yomwe idakhala chaka m'manja mwa zigawenga. Chovuta n'kuisunga. Zigawenga zikapanikizidwa zimabalalika m'timagulu, kulowa m'thengo, n'kukavumbuluka boma lina. Msilikali wobwera samva Chimwani kapena Chimakua, sadziwa kuti msodzi ndi uti, kazitape ndi uti. Amadalira apolisi a m'dzikomo, ndiye ngati apolisiwo amalanda anthu ndalama pamsewu, palibe wam'mudzi angamutsine khutu.

Kwinaku ndi ndalama. Gulu la SADC lomwe lidapita ku Cabo Delgado mu 2021 lidachoka mu 2024 thumba litaperewera, zigawenga zikadalipo. Asilikali safuna mfuti zokha. Pafunika mafuta, chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndege yonyamula ovulala, ndiponso njira yotulukira zinthu zikathina. Ku DRC tidaziona mu Januwale 2025: ana athu, asilikali a Malawi, adafa pomenyana ndi zigawenga za M23, mzinda wa Goma udagwa, bwalo la ndege lidatsekeka, ndipo asilikali a SADC adakhala miyezi m'misasa mpaka adatuluka pamsewu kudzera m'dziko la Rwanda. Makolo a ana amenewo ayenera kuuzidwa chomwe chidalakwika.

Pempho langa kwa aphungu, makamaka a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndi lakuti boma lisanatumizenso asilikali, nkhaniyo ikambidwe poyera m'Nyumba ya Malamulo. Adzalipira ndani, kwa miyezi ingati? Nanga tsiku lochoka, malowo adzasiyira yani? Pa bajeti yomweyo paikidwenso ndalama ya mijigo, zimbudzi ndi mankhwala m'midzi ya m'malire, chifukwa kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu masauzande adawolokanso Shire pa mabwato n'kufikira kwa mafumu athu a ku Nsanje.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje