Mbewa ikachira si ndiye kuti munthu wachira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani izi zomangoti "asayansi apeza mankhwala a ALS" zomwe zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp mpaka zina kulowa m'nyuzi, chifukwa ukawerenga mpaka pansi umapeza kuti anayesera pa mbewa za mu labu basi, ndiye mabanja amene akudwazika m'bale wawo amakhala ndi chiyembekezo chabodza.

Matendawa, omwenso amati motor neuron disease, ndi aja anadwala a Stephen Hawking komanso Joost van der Westhuizen wa rugby ku South Africa. Amapha maselo a mu ubongo ndi mu msana amene amalamula minofu, munthu amayamba kufooka manja ndi miyendo, kenako kumeza ndi kupuma komwe kumavuta.

Mbewa zathandiza kwambiri, zimenezo sindikutsutsa ayi. Mu 1993 anapeza kuti jini (malangizo a m'maselo omwe timatengera kwa makolo) yotchedwa SOD1 ikalakwika imayambitsa matendawa m'mabanja ena, ndipo mu 1994 Mark Gurney ndi anzake ku Northwestern University anapanga mbewa zokhala ndi jini yolakwikayo. Zimayamba kufooka miyendo yakumbuyo zili ndi miyezi pafupifupi 3, pofika miyezi 4 kapena 5 zafa. Koma chimene chimandikhudza ine nchoti mitsempha imayamba kuduka pomwe imalumikizana ndi minofu mbewa ikuthamanga bwinobwino, ndipo mu ubongomo timphanda tating'onoting'ono tomwe maselo amalandirira uthenga timayamba kuchepa msanga, maselowo n'kumatumiza uthenga mopyola muyezo. Ndiye tangoganizani, pomwe kufooka kukuoneka ndi maso zambiri zimakhala zitawonongeka kale, n'chifukwa chake kafukufukuyu ndi wofunika zedi.

Vuto ndiloti SOD1 imakhudza odwala pafupifupi 2 mwa 100 aliwonse basi. Ambiri vuto lawo limakhala pa puloteni ya TDP-43 yomwe mu 2006 anapeza kuti imakhudzana ndi matendawa. Kunena za mankhwala, minocycline anaoneka ngati akuthandiza mbewa koma atamuyesa pa anthu, zotsatira za mu 2007 zinaonetsa kuti odwala ankafooka msanga kuposa omwe sanamwe. Riluzole wa mu 1995 amangowonjezera miyezi 2 kapena 3 ya moyo. Tofersen yemwe America inavomereza mu 2023 ndi wa odwala a SOD1 okhawo.

Chonde atolankhani athu, mukamalemba nkhani zoterezi muziyika mawu oti "pa mbewa" pamutu penipeni pa nkhani, ndipo muzinenanso kuti mbewazo ndi za jini iti komanso ngati mankhwalawo anafika poyesedwa pa anthu.

Wowerenga wanu,
Zomba