Wokonza nyumba yakale ya m'mbali mwa nyanja ayambe ndi madzi, khitchini pambuyo

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi owerenga amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku England, komanso amene akulingalira zogula nyumba yakale kumeneko kuti aikonze n'kuigulitsa. Nyumba zomwe tikunena ndi za nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, makamaka za m'mbali mwa nyanja ya Windermere m'dera la Lake District. Njanji itafika kumeneko mu 1847, amalonda olemera a ku Manchester ndi mizinda ina ya ku Lancashire anayamba kumanga nyumba zikuluzikulu zoyang'ana kunyanja. Brockhole, yomwe lero ndi malo olandirirako alendo, ndi imodzi mwa izo. Nyumbazi zaima zaka zoposa 120 m'dera la mvula yosakata, koma chimene chikutiwawa n'chakuti zina zikuwonongeka m'zaka zochepa chabe m'manja mwa anthu amene amathamangira penti ndi khitchini yatsopano, madzi ali mkati molowa m'khoma.

Musanagwire hamala, fufuzani ngati nyumbayo ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, amene amasungidwa ndi bungwe la Historic England. Zambiri za m'kaundulayo zili m'gulu la Grade II, lotsikitsitsa pa magulu atatu a chitetezo. Anthu ambiri amaganiza kuti chitetezocho n'cha kunja kokha. Ayi ndithu. Chimakhudza masitepe, zitseko, malo osonkhapo moto, zokongoletsa za kusiling'i, ngakhale nyumba yosungiramo maboti ndi mpanda ngati zinamangidwa pamalopo chaka cha 1948 chisanafike pakati. Chilolezo chosinthira chilichonse mwa izi chimachokera ku Lake District National Park Authority, bungwe loyang'anira zomangamanga m'deralo, kuchipempha n'kwaulere, ndipo yankho limayenera kubwera m'masabata asanu ndi atatu ngakhale nthawi zina limachedwerapo. Kugwira ntchito popanda chilolezocho ndi mlandu pansi pa lamulo la 1990, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka ziwiri m'ndende kapena chindapusa chopanda malire. Choopsa kwambiri kwa wogulitsa n'chakuti nkhaniyi sikalamba. Mawindo amene mwini wakale anachotsa mwakabisira zaka makumi awiri zapitazo, akuluakulu angathe kulamula mwini wa lero kuti awabwezeretse ndi ndalama za m'thumba mwake.

Ntchito yeniyeni imayambira padenga. Madenga a kuderali anafoleredwa ndi masileti a miyala yokumbidwa m'mapiri omwewo, aakulu kumunsi, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka pamsonga. Sileti yabwino imatha zaka zoposa 100. Chimene chimayamba kufa ndi misomali yachitsulo, yomwe imadyeka ndi dzimbiri mpaka sileti kutsetsereka. Mukaona masileti ambiri atamangidwa ndi timalamba ta mtovu apa ndi apo, dziwani kuti misomali yatha denga lonse, ndipo kuphatika sikuthandizanso. Tsitsani masileti onse, muwasanje malinga ndi kukula kwake, ndipo iliyonse muigogode ndi hamala: yabwino imalira mwee ngati belu, yotha imangoti phu. Bwezerani zabwinozo ndi misomali ya mkuwa, zosowazo mugule za mtundu womwewo. Mukadali pamwambapo, onani mtovu wa m'makwawa a denga ndi wozungulira chumuni, chifukwa mtovu wautali kwambiri umang'ambika pofutukuka ndi kukhwinyata, ndipo apa ndi pamene madzi ambiri amalowera. Ngalande zachitsulo za m'mphepete mwa denga zimasweka kumbuyo, mbali yoyang'ana kukhoma imene siipakidwa penti. Nthawi yabwino yozionera ndi pamene mvula ikugwa mwamphamvu, mutaima panja ndi ambulera.

Pali chinthu china chimene chimaimitsa ntchito ya denga miyezi yambiri, ndicho mileme. Lamulo la 1981 limaiteteza pamodzi ndi malo amene imagona, ndipo madenga akale oyandikana ndi madzi ndi mitengo imawakonda kwambiri. Denga lisanakhudzidwe, akatswiri amaiwerenga pamene ikutuluka madzulo, kuyambira May mpaka September. Wogula nyumba mu October n'kumati denga alitsitsa nthawi yozizira angathe kudikira chaka chinacho.

Tsopano makoma, pamene pagona nkhani yonse. Khoma la nyumba izi ndi lamiyala kapena njerwa lopanda mpata pakati, lomangidwa ndi matope a laimu. Limamwa madzi mvula ikamagwa, kenako n'kuwatulutsa kudzera m'mizere ya laimuyo kukacha. Wina akabwera n'kumata mizereyo ndi simenti, kapena kupaka pulasitala wa simenti ndi penti wosalowa madzi, khomalo limakhala ngati munthu wovala pulasitiki tsiku lotentha: thukuta lilibe kotulukira. Simenti ndi youma gwa, nyumba yakale imasuntha pang'ono nyengo ndi nyengo, choncho simentiyo imachita timing'alu. Madzi amalowa pa timing'aluto koma satulukanso. Amatsikira mkati, kunyowetsa pulasitala wa m'zipinda ndi nsonga za mitanda zomwe zinalowetsedwa m'khoma. Kukazizira madziwo amaundana n'kusenda nkhope ya mwala kapena njerwa.

Mankhwala ake ndi kuchotsa simentiyo ndi chizulo ndi hamala, pamanja. Galainda imadya m'mphepete mwa miyala, ndipo chilonda chimenecho sichipola. Kumbani mzere uliwonse kuya kwake kuwirikiza kawiri m'lifupi mwake, tsukani fumbi, nyowetsani khoma, kenako mukanikize matope a muyeso umodzi wa laimu ku miyeso itatu ya mchenga wokhakhala wotsukidwa bwino. Musagwire ntchitoyi kukazizira mpaka kufika pansi pa madigiri 5, chifukwa laimu wosakhwima akaundana amangoyoyoka. Phimbani ndi ziguduli zonyowa kwa masiku angapo kuti aume pang'onopang'ono. Pulasitala wa mkati akhalenso wa laimu, wopakidwa katatu, ulendo uliwonse osapitirira mamilimita 10. Ndipo pamafunika kudekha. Amisiri amawerengera kuti khoma lonyowa limauma mamilimita pafupifupi 25 pamwezi, ndiye khoma lochindikala theka la mita silingaume m'masabata awiri ngakhale mutayatsa zotenthetsera zonse. Amene amapaka penti mofulumira kuti ajambule zithunzi zotsatsira malonda amaona mathothomathotho akubwerera wogula asanasaine n'komwe.

Tichenjezenso za anthu amene amabwera ndi kachipangizo koyezera chinyontho, n'kukakhudzitsa kukhoma, kenako n'kunena kuti pakufunika kubaya mankhwala m'munsi mwa khoma lonse. Kachipangizoko kanapangidwira matabwa, ndipo pakhoma kamanamizidwa ndi mchere wa m'pulasitala wakale. Mankhwala obayawo sagwira bwino m'khoma la miyala yosalongosoka, chifukwa amangothawira m'mipata. Kawirikawiri vuto limakhala lapafupi: dothi la maluwa kapena njira ya konkire yakwera mpaka kufika pamwamba pa mzere wa pansi pa nyumba. Tsitsani nthakayo kuti ikhale mamilimita 150 kunsi kwake, ipendekere kutali ndi khoma. Tsegulaninso njerwa zamabowo zimene zimalowetsa mphepo kunsi kwa matabwa a pansi. Zikatsekedwa, chinyezi cha m'matabwa chimakwera kupitirira 20 peresenti, ndipo bowa wowoletsa matabwa amamera. Mumamudziwa ndi fungo lake, ulusi wotuwa woyanga pakhoma, fumbi lofiira ngati dzimbiri, ndi thabwa losweka timabokositimabokosi. Dulani lowolalo, lumikizani latsopano, koma mukapanda kutseka kumene madzi akuchokera abweranso.

Mawindo okwera ndi kutsika musawataye. Thabwa lake ndi la mitengo yokula pang'onopang'ono, lolimba kuposa lambiri la masiku ano, ndipo chowola nthawi zambiri ndi chapansi chokha. Kalipentala waluso amadula pamenepo n'kulumikiza, kusintha zingwe zonyamula zitsulo zolemera za m'mbali, ndi kuika timaburashi totseka mphepo. Ofuna kutentha aike galasi lachiwiri mkati, lakalelo lisakhudzidwe. Koma pochotsa penti wakale samalani, muli mtovu. Musamupale wouma kapena kumuwotcha ndi moto. Nyowetsani, valani chotseka pamphuno choyenera, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asakhale m'nyumbamo. Asibesitosi, ulusi wa miyala umene fumbi lake limawononga mapapo, analetsedwa kotheratu ku Britain mu 1999, kotero zonse zimene zinawonjezedwa chisanafike chakacho, monga zokutira mapaipi ndi matailosi apulasitiki, ziyezedwe musanaswe. Mawaya amagetsi ndi mapaipi amtovu asinthidwe pulasitala asanapakidwe, kuti musagumule kawiri.

Nyanja imene imakweza mtengo wa nyumba ndi yomweyonso imene wogula wanzeru amaiopa. Madzi a Windermere anasefukira kwambiri mu November 2009, ndiponso mu December 2015 pa namondwe wotchedwa Desmond, pamene ku Honister, m'mapiri a Lake District, kunagwa mvula ya mamilimita 341 m'maola 24. Ngati chipinda chapansi chinalowapo madzi, kwezani masoketi ndi bokosi la magetsi, ndipo paipi yotulutsa zonyansa muiikire chotsekera choletsa madzi kubwerera. Ndondomeko ya Flood Re, yomwe inayamba mu 2016, imathandiza kuti nyumba zomangidwa 2009 isanafike zipeze inshuwalansi pamtengo wofikirika, koma sikuti imalandira nyumba ina iliyonse, makamaka yoyendetsedwa ngati bizinesi. Wogula adzafunsa zimenezi, ndipo banki yake idzafunsanso.

Nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanjayi sizinalumikizidwe ku mapaipi a zonyansa a m'tauni. Malamulo a Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, salola thanki ya zimbudzi kutayira madzi ake mwachindunji mumtsinje kapena m'nyanja. Yotero iyenera kusinthidwa, ndipo wogulitsa ayenera kuuza wogula mwa kalata mtundu wa thankiyo, pamene ili, ndi mmene imasamalidwira. Malonda ambiri amaima pa chinthu ichi. Doko la maboti nalonso lili ndi nkhani yake: pansi pa nyanja ya Windermere ndi pa khonsolo, yomwe kuyambira 2023 ndi Westmorland and Furness, ndiye doko kapena nyumba ya maboti yolowa m'madzi imafuna mgwirizano ndi khonsoloyo. Musalembe m'malonda kuti nyumba ili ndi doko lake musanaone pepalalo ndi maso anu, n'kudziwa ngati lingasamutsidwire kwa mwini watsopano.

Pa khitchini ndi mabafa sitinena zambiri. Zikhale zaukhondo ndi zogwira ntchito, basi. Munthu wokhoza kugula nyumba yotere nthawi zambiri amadzachotsa n'kuika za kukonda kwake, koma matailosi akale a pakhomo, malo osonkhapo moto ndi zokongoletsa za kusiling'i mukaziswa palibe kokazigula.

Wogula wotereyu amatumiza katswiri wa RICS, bungwe la akatswiri oyeza nyumba ndi malo, kudzayendera nyumba mwakuya, pa mlingo wotchedwa Level 3, ndipo ameneyo amakwera m'denga, amatukula ngodya za makapeti osakhomedwa, amayeza matabwa. Khoma lophimbidwa ndi mabolodi kuti chinyontho chisaoneke amalizindikira, ndipo zikatero mtengo umatsika kuposa ndalama zimene mukanakonzera. Pafomu ya TA6, imene wogulitsa amadzaza, pali mafunso a kusefukira kwa madzi, mikangano ya malire ndi ntchito zomwe zinachitika panyumbapo. Kunama pamenepo kungakufikitseni kukhoti malonda atatha kale. Choncho kuyambira tsiku loyamba la ntchito sungani fayilo imodzi: zilolezo zonse, lipoti la mileme, satifiketi ya magetsi, zotsatira za asibesitosi, mapepala a thanki ndi a doko, malisiti osonyeza mtundu wa laimu ndi masileti, ndi zithunzi za mitanda ndi makoma zisanaphimbidwe. Fayiloyo iperekedwe kwa loya wanu nyumba isanatsatsidwe, kuti chosowa chilichonse chipezeke wogula asanafunse.

Ndife,
Amisiri okonza nyumba zakale